Njere Imene a Zefaniya Sanaponye

Mafumu, abusa, achibale amene mwatsika kuchokera kwa Dambe, ndi inu nonse amene mwabwera kudzatikhuza, zikomo. Ine ndine Gerishon, mwana woyamba wa malemu. Sindinazolowere kuyankhula pagulu. Andiimika pano chifukwa akuti ndine amene ndinapita kusukulu. Dzulo masana amayi anandipatsa jekete la malemu kuti ndilisite. Makala sankayaka bwino, simbi inkachedwa kutentha, ndiye ndinkasita pang'onopang'ono, mkono umodzi, kenaka winawo. Nditafika pathumba lam'kati ndinamva kuti muli kanthu. Linali pepala lopindidwa kanayi. Ndili nalo pano, ndipo ndiliwerenga nthawi yake ikafika.

Malemu bambo Zefaniya Kandoje anabadwa pa 9 Juni 1911 kwa Dambe, monga zinalembedwera m'buku la mpingo. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Mu 1922 anayamba sukulu ku mishoni ya Matandani, ndipo atamaliza Sitandade 3 anakhalabe komweko zaka zinayi akuphunzira ukalipentala. Zitseko zambiri za m'midzi ino, ngakhale mabenchi amene azibambo mwakhalirawo, ndi ntchito ya manja awo.

Mu 1934 anamanga banja ndi mayi Stelia a kuno ku Midzemba, nadzakhala chikamwini monga mwa mwambo wathu. Apongozi awo anawalozera munda wa kutsidya kwa mtsinje, umene unali miyala yokhayokha. Amene mwadzera njira imeneyo lero mwaona malalanje ali mmenemo.

Mu 1941 analembedwa usilikali wa Keyala. Chifukwa cha chikhulupiriro chawo sanagwire mfuti, ntchito yawo inali yonyamula ovulala pamachira. Mu 1943 anawatengera pa sitima yapamadzi ku chilumba cha Seloni. Za nkhondo sankakonda kukamba. Nkhani imene ankabwereza, mpaka ife ana tinailoweza, inali imodzi. Chilumba chija chinali pansi pa Angerezi monga ife, koma kumeneko anaona anthu a m'midzi, amayi omwe, atandanda pamzere kusankha owayendetsera zinthu. Aliyense wofuna udindo anali ndi bokosi la mtundu wakewake, kotero kuti wosadziwa kuwerenga naye ankasankha. Ankati, "Anthu oyenda chosavala nsapato ngati ife tomwe, koma za kwawo amakambirana okha."

Anabwerako mu 1946. Chaka cha njala, 1949, mlatho wathu unali utakokoloka, ndipo chimanga chothandizira chinkathera kumsewu osafika kuno kumapiri. Malemu anaika m'manda anzawo ambiri chaka chimenecho, ndipo kuyambira pamenepo sanaleke kunena kuti midzi ino ikhale ndi bungwe lake loona za msewu ndi mlatho.

Mu 1955, boma litayamba kulola makhonsolo m'madera, malemu anayenda pa njinga midzi yathu isanu mpaka mafumu onse anavomera. Khonsolo inayenera kuona za msewu, mlatho, msika, ndi kagawidwe ka madimba m'dambo. Koma poyamba panafunika malamulo olembedwa. Mwezi wa Ogasiti ine ndinali patchuthi kuchokera ku sekondale ku Blantyre, ndipo akuluakulu anandipatsa cholembera. Tinakhala masiku atatu m'chipinda cha sukulu. Malemu ankayambitsa mfundo, akuluakulu ankaitembenuza, akagwirizana ine ndinkalemba.

Tsiku lachitatu anaimirira amalume a Lameki, eni mbumba yathu, amene anandipititsa kusukulu kuyambira ndili wamng'ono. Sananene mwaukali, inu mukuwadziwa kuseketsa kwawo. Anati, "Alamu, musakwiyetu. Inu kuno munabwera ndi sowo ndi bulangete basi. Achemwali akadzatopa nanu mudzanyamula zomwezo. Ndiye madimba a eni ake mugawe ndinu, eti?" Anthu anaseka. Malemu nawo anaseka, nati, "Bulangete lija linatha kalekale, alamu, ndidzanyamula chiyani?" Anthu anasekanso. Kenaka amalume anandicheukira, nati, "Lemba iwe, kusukulu tinakutumizira zomwezi."

Lamulo limene anandiuza kuti ndilembelo, lachisanu ndi chiwiri, limati mkamwini asaimire mudzi mu khonsolo, ndipo asasankhe nawo. Nkhawa ya amalume inali yomveka, poti maukwati amathadi ndipo anthu amachokadi. Koma ine ndinkadziwa kuti munthu amene wakhala pamudzi zaka makumi awiri ndi chimodzi sali paulendo. Ndinayang'ana malemu, ndinayang'ana amalume, kenaka ndinaweramira pepala n'kulemba. M'mawa mwake malemu anawerenga malamulo onse khumi ndi awiri ali pakhonde, nandibwezera, nati, "Zilembo zako n'zowongoka." Ine ndinangolandira mapepalawo.

Pa 6 Sepitembala 1955 kunali chisankho. Mabokosi asanu anakhoma ndi malemu, napaka lililonse utoto wakewake monga anaonera ku chilumba chija. Wosankha aliyense ankalandira njere imodzi ya chimanga kuti akaponye m'bokosi la amene wamufuna. Malemu anawanyamula pa njinga mabokosiwo, anawandandalika m'chipinda cha sukulu, anafotokozera anthu kaponyedwe kake, kenaka anatuluka kukakhala pamwala panja, pamodzi ndi akamwini anzawo khumi ndi asanu ndi mmodzi. Amayi anaponya. Ine ndinaponya, popeza ndine mbadwa ya kuno. Potuluka ndinawadutsa ali pamwala paja, utoto wofiira ukadali m'zikhadabo, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Sanadandaulepo. Khonsolo italamula ntchito ya mlatho mu 1956, amene anacheka ndi kukhoma matabwa onse ndi iwo, ndipo ambiri amene anasenza miyala anali omwe aja a pamwala. Chimene ankadikira chinali lamulo lomaliza, limene anaumirira okha kuti lilembedwe: pakatha zaka ziwiri, malamulo onse awerengedwenso pagulu, ndipo loipa lisinthidwe. Msonkhano umenewo ndi Lachitatu la sabata yamawa, pa 30 Okotobala.

Mwezi wa Malichi chaka chino anayamba kutsokomola ndi kumva kupweteka m'chifuwa. Mu Julayi anagonekedwa kuchipatala cha mishoni masabata atatu, nabwerera kunyumba akupezako bwino. Mwezi uno matenda anakulanso, ndipo anatisiya dzulo Lolemba m'mawa, pa 21 Okotobala 1957, ali ndi zaka 46.

Asiya akazi awo mayi Stelia, ndi ana anayi: ine, Constance, Mailesi ndi Ezekiele. Asiyanso mdzukulu mmodzi, ndi alongo awo mayi Yunike a kwa Dambe. Banja likuthokoza amene munawanyamula pamachira kupita kuchipatala, amayi a bungwe la Dorika amene mwatunga madzi ndi kuphika chifikireni dzulo, a Laimoni amene mwakhoma bokosi ndi zipangizo zimene anakuphunzitsirani, ndiponso adzukulu amene mwakumba manda. Tikuthokoza achibale a kwa Dambe polola kuti malemu agone kuno pafupi ndi ana awo, ndi amalume a Lameki popereka malowo osazengereza.

Apa ndi pamene mbiri imene banja linandituma yathera. Zotsalazi sananditume munthu.

Pepala lija n'lolembedwa ndi pensulo, zilembo zake zokhotakhota. Likuti: "Mkamwini amene wakhala pamudzi zaka khumi, walima, wagwira nawo ntchito ya msewu ndi ya maliro, aziponya njere ngati mbadwa." Pansi pake alemba kuti, "Ndani akandiwerengere?" Iwo analibe chilolezo choyankhula pamsonkhanowo. Ine ndinali nacho, ndipo miyezi itatu yapitayi ndakhala nawo nyumba imodzi, ndikuwapatsa madzi ndi kuwatembenuza. Sanandipemphe. Anandiona tsiku lija m'chipinda cha sukulu, ndipo sanafune kundiikanso pakati pa iwo ndi amalume.

Amalume, munandilera ndipo ulemu wanu sindidzauchotsa. Koma lamulo lija n'lolakwa, ndipo ndinalidziwa ndikulilemba. Lero mwawapatsa malo ogona m'dothi lathu mpaka kalekale. Njere imodzi ya chimanga tinawamana, ndipo dzanja limene linawamana ndi ili. Akamwini khumi ndi asanu ndi mmodzi aja akadali moyo, ena mwa iwo ndi amene aima uko ndi makasu kudikira kukwirira. Lachitatu ndidzaimirira ndi pepalali. Ngati mawu adzandithere, ndidzangoyambiranso kuwerenga mpaka mudzamve.

Bambo, ndachedwa. Gonani mumtendere, tidzaonana lipenga likadzalira.