Dotora Dulce Belmiro, Amene Mukuti Anamanga Mvula

Malemu anabadwa pa 9 Abril 1988 kumsasa wa othawa nkhondo m'boma la Ntcheu ku Malawi. Dzina lawo ndi mayi Dulce Belmiro, aNankhoma, mwana wachiwiri mwa ana asanu a malemu bambo Belmiro Nkhoma ndi mayi Amélia, amene akhala apo pafupi ndi bokosi. Nkhondo itatha, banja linabwerera kuno ku Ntengo-Wambalame mu 1993.

Ine amene ndikuwerenga ndine Fanny, mng'ono wawo womaliza. Mbiriyi amayenera kuwerenga ndi amalume athu a Felizardo, koma iwo amafuna kuti chaka cha 2024 tichidumphe, ati tingakhumudwitse anthu. Ndiye ndalemba ndekha, ndipo sindidumpha kanthu. Anamalira nonse mukudziwa kuti mpaka pano kumanda sikunagwe khasu. Adzukulu akana kukumba. Akuti malemuwa anali omanga mvula, akaikidwa m'nthaka ya kuno mvula ya dzinja likubwerali sibwera. Tsono mvetserani bwino za munthu amene mukumumana dzenje.

Mu 1995 a mana Dulce, akulu angawa, anayamba sukulu ya pirimariya konkuno, akuphunzirira pansi pa mtengo chifukwa makoma amene nkhondo inagwetsa anali asanamangidwenso. Sekundariya anakaphunzira ku Ulongwe, amayi akugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu kuti mwana asabwerere kunyumba. Mu 2007 anapita ku Maputo kukaphunzira fizika ku univesidade, ndipo mu 2012 anapeza bolsa, thandizo la ndalama lokapitirizira maphunziro a zakumwamba ku Joni.

Mu Agosto 2015 anamanga banja ndi bambo Alberto Caetano, mphunzitsi wa ku Chidzolomondo m'boma la Macanga. Mulungu anawapatsa ana awiri. Mu 2019 anamaliza maphunziro apamwamba n'kukhala Dotora. Tsiku limene anabwera ndi nkhaniyo, ambiri a inu munavina pabwalo lomweli. Munadya mbuzi ya bambo athu mukufuula kuti mwana wathu, mwana wathu. Nkhope zanu ndikuzikumbukira.

Ntchito yawo ndiifotokoze, pakuti mwaipatsa maina ambiri osaidziwa. Ine sukulu ndinalekera setima kalasi, kalasi yachisanu ndi chiwiri, koma mabuku awo ndawerenga pang'onopang'ono, ndipo pamene sindinamve ndinawafunsa mpaka kuwatopetsa. Mzere woyera uja umadutsa kumwamba m'miyezi yachisanu, umene timati mlalang'amba, ndi khamu la nyenyezi zosawerengeka, ndipo dzuwa lathuli ndi imodzi mwa izo. Milalang'amba yotere ilipo yambirimbiri kutali. Nyenyezi nazo zimabadwa, zimakalamba, zimazima. Zimabadwa pamene mpweya wozizira waunjikana n'kupanikizana mpaka kuyaka. Funso limene a mana anathera nalo moyo wawo linali lakuti, bwanji milalang'amba ina ikubalabe nyenyezi pamene ina inaleka kalekale? Mpweyawo ankauyeza ndi mbale zikuluzikulu zachitsulo zimene zili m'chipululu ku Joni, zotola mafunde ofooka ochokera kutali monga radiyo imatolera mawu. Iwo ndi anzawo ankatsata milalang'amba imene imalowa m'gulu la inzake n'kulandidwa mpweya wake, kenako n'kuleka kubala. Mafunde amene ankayezawo ananyamuka kwawoko padziko pano pasanakhale munthu. Mundiuze tsono, munthu woyang'ana kutali chotero, kamtambo kodutsa pamwamba pa munda wanu wa nyemba anali nako chiyani?

Mu Maio 2023 madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mawere. Analandira mankhwala amene anawathothola tsitsi ndi kuwafooketsa, ndipo mu Novembro anabwera kuno kudzapumira kwa amayi. Anabwera ndi teleskopiyo yaing'ono, chitoliro chokhala ndi magalasi, yoti ana a sukulu aziwonera mwezi ndi malo amene nyenyezi zikubadwa. Anaikwezera okha pa shapa, minibasi zathuzi, ataifungatira ngati khanda.

Mu Janeiro 2024 mvula inadula, chimanga chili m'mawondo. Tonse tinalira, munda wa amayi nawo unapserera. Chitoliro chija sichiona kanthu kukakhala mitambo, choncho a mana ankachitulutsa madzulo amene kumwamba kwayera. Inu munaona chitoliro panja, munaona mitambo kulibe, basi mlandu mwagamula: chitoliro ndicho chikuthamangitsa mitambo. Palibe mmodzi amene anabwera kudzafunsa. Ana anu omwe ankaima pamzere kudikira kuika diso, munawakwapula kuti asadzapondenso pakhomo pathu. Kumsika anthu anayamba kulavula amayi akamadutsa.

Pa 18 Fevereiro 2024, Lamulungu, mutangoweruka ku tchalitchi, zovala zopempherera zili m'thupi, munabwera gulu. Teleskopiyo munaiphwanya ndi mipini. A mana munawakoka pamphasa pamene anagona, munthu wopanda tsitsi, wosatha kunyamula ndowa, n'kuwakhazika pabwalo ndi kuwathira madzi ozizira a pachitsime, ati kuti mvula imasuke. Amayi anagwada kukupemphani, munawakankha. Ine ndinali kumsika wa Tsangano, ndipo thokozani Mulungu kuti ndinali kumeneko. Nditabwera ndinawapeza akunjenjemera m'bulangete, komabe anandiseketsa. Anati akanakhala ndi mphamvu pa mvula akanayamba ndi kuiletsa kudontha padenga la amayi.

Mvula sinagwe. Munathira madzi wodwala, munaswa magalasi, chimanga chinauma chimodzimodzi. Chilala chimenecho chinali ku Malawi, chinali ku Zambia, chinali ku Zimbabwe, radiyo iliyonse inkanena. Kachitoliro kotalika ngati mkono wanga kanafika bwanji ku Zambia? Ndinafuna kukasuma ku polisi, koma malemu anandiletsa. Anati anthu ali ndi njala ndi mantha, ndiwasiye. Ndinawamvera chifukwa anali akulu anga, osati chifukwa ndinavomereza.

Mu Março 2024 bambo Alberto anawatenga kupita nawo ku Chidzolomondo. Chifuwa chimene anachitenga tsiku lija chinawagoneka ku chipatala cha Furancungo, ndipo mphamvu zawo sizinabwererenso. Ali chigonere anapitiriza ntchito pa kompyuta, akutumizirana zoyeza ndi anzawo a ku Joni, mpaka kafukufuku wawo womaliza anatuluka mu Abril chaka chino. Ena mukuti mvula ya chaka chino inagwa bwino kuno chifukwa iwo anachoka. Funsani alamu athu a ku Macanga amene akhala kumbuyoko. Kumene malemu ankagona, mvula inagwa mpaka kukokolola mizere ya fodya.

Matenda atakula anawatengera ku chipatala chachikulu ku Tete, kumene anatisiya pa 3 Junho 2025 ali ndi zaka 37. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adzagone pambali pa bambo awo m'manda a kwawo. Mudzi umene unawathira madzi, iwo ankautchulabe kuti kwathu.

Bambo Zacarias, mkulu wa adzukulu, ndikudziwa kuti mulipo ndipo mukumva. Mwambo wathu ndi wakuti mwini maliro sakumba. Chibwerere ku Malawi, a kwanu amakumbira ife, ife timakumbira a kwanu. Chaka cha kolera, akazi anu atamwalira anthu n'kumaopa ngakhale kuyandikira khomo lanu, anakumba ndani? Bambo athu ndi alongo anga, mvula ikuwakhuthukira pamsana. Sanafunse kuti malemuwo anafa ndi chiyani. Lero mwatitumizira mawu akuti tibweze bokosi ku Macanga. Bokosi silibwerera.

Malemu asiya amuna awo bambo Alberto Caetano, ana awiri, Tamandani ndi Eva, amayi awo mayi Amélia, alongo awo a Jordão ndi a Khumbo, mng'ono wawo a Tamara, ndi ine.

Tikuthokoza anamwino a ku Furancungo ndi a ku Tete amene anawasamalira. Tikuthokoza abale a bambo Alberto amene anawalandira pamene kwawo kunawataya, anzawo a ntchito amene atumiza mawu achipepeso, ndi bambo woyendetsa galimoto amene anabweretsa thupi osawiringula ndi msewu wathuwu. Tikuthokoza amayi a kwaya amene abwera kudzagona pamaliro ngakhale amuna awo anawaletsa. Amene mwabwera kudzangoonerera, nanunso takuonani.

Kwaya ikamaliza nyimbo yotsatirayi, a Jordão, a Khumbo, bambo Alberto ndi ine tinyamula makasu kupita kumanda. Ndikudziwa kuti mkazi sakumba manda, ndikudziwa kuti mbale sakumbira mbale wake. Mwambowo sitinayambe kuuswa ndife. Adzukulu mukatipeza tikukumba, makasu tikupatsani ndi manja awiri, tibwerere kudzakhala pamphasa monga anamfedwa, ndipo chidzukulu chathu chipitirira. Mukatisiya mpaka timalize tokha, tsiku la maliro a kwanu musadzatume munthu pakhomo la a Belmiro.

A mana Dulce, aNankhoma, dzuwa lisanalowe lero mugona pambali pa bambo monga munapemphera. Mzimu wanu uuse mumtendere, m'nthaka ya kwanu.