Ndime Yachitatu ya a Nsambo

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1961, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima pano ndine mng'ono wawo. Ambiri munkawatchula kuti a Nsambo, chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa nsambo ya gitala, ngakhale mu suti ya ukwati.

Nyimbo anayamwira kwa mayi athu, omwe ankachapa ndi kusita zovala za anthu akuimba nyimbo za kutchalitchi. Gitala anaphunzira kwa mkulu wina wosoka nsapato pakhonde la sitolo. Inali ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo akaphonya, mkuluyo ankawagogoda zala ndi chidendene cha nsapato. Sukulu analekezera Sitandade 8 mu 1976, bambo athu atamwalira.

Mu 1982 analembedwa ntchito yonyamula matumba pafakitale ya simenti. Pa 16 Ogasiti 1986 anamanga ukwati woyera ndi mayi akhala pafupi ndi bokosiwa, omwe anakumana nawo m'kwaya. Masana simenti, Loweruka bandi yawo m'maukwati ndi m'maholo, Lamlungu kwaya. Ankaseka kuti ng'oma yawo yoyamba inali makina opera miyala.

Mu 1998 anzawo awiri a pantchito anamwalira ndi chifuwa, ndipo malemu anapeka nyimbo ija yakuti Mpweya ndi wa Mulungu. Ndime ziwiri zoyamba ndi pemphero. Yachitatu imafunsa mabwana chifukwa chimene zotchinga pamphuno zinkatulukira m'kabati tsiku lobwera oyendera lokha, n'kutoleredwanso madzulo. Ntchito inathera pomwepo. Pa wailesi, nyimbo ikafika pamenepo, ankatsitsa mawu n'kuyamba kupereka moni. Ngakhale kumpingo kwathu, ndikunena ndi manyazi, akuluakulu anawapempha kuti aziimba ziwiri zokha, poti denga la tchalitchi anakhoma ndi a fakitale. Malemu anakana, anachotsedwa m'kwaya, koma Lamlungu lililonse ankakhala pabenchi lakumbuyo ndi buku lawo la nyimbo.

Ankati nyimbo si mankhwala ogonetsa tulo. Anthu avine, kuvina si tchimo, koma pobwerera kwawo akhale atamva kanthu. Woimba ankamuyerekeza ndi mlonda wa palinga: akaona lupanga likubwera, osaliza lipenga, magazi a anthu ali pamutu pake. Mu 2006 m'holo ina anawazimitsira magetsi ndime yachitatu itangoyamba. Anaimaliza ndi pakamwa pokha, mumdima, anthu akuthandizira.

Mu 2019 chifuwa chomwecho chinawapeza. Adokotala anati mapapo auma ndi fumbi. Mawu anayamba kutha, mpaka ankangoliza gitala, akazi awo akuimba. A fakitale sitinawaone kuchipatala ngakhale kamodzi. Ambuye anawaitana pa 5 Novembala 2024.

Tsono mundikhululukire, abusa, mtima wanga wadzaza. Dzulo m'mawa galimoto ya fakitale inabwera ndi matenti, mipando ndi nkhata yamaluwa yaikulu ngati tayala. Wotumidwayo ananena mwaulemu kuti zonsezi n'zathu, bola nyimbo ija tisaimbe yonse. Munthu munamumana kansalu ka pamphuno ali moyo, lero mukumupatsa tenti? Munamudyetsa fumbi, ndipo mukufuna kumutsekanso pakamwa ali m'bokosi? Mulungu sanyozeka! Alamu anga anapinda okha mpando woyamba n'kuukweza m'galimotomo. Esau anagulitsa ukulu wake ndi chakudya. Ife sitigulitsa nyimbo ya achimwene ndi mthunzi. N'chifukwa chake mwakhala padzuwa, ndipo kwa achikulire tikupepesa.

Malemu asiya mkazi, ana aamuna awiri, wamkazi mmodzi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza anamwino omwe ankawatembenuza, a bandi omwe akhoma bokosi ndi manja awo, anansi omwe atibwereka mabenchi, ndi inu a kwaya amene mwabwera osatumidwa ndi munthu.

Potsitsa bokosi tiimba ndime zonse zitatu, alamu anga atsogolera. Amene yachitatu imamuwawa, chipata n'chotsegula.

Achimwene, kumene mwapita kulibe fumbi. Pumani mpweya wa Mulungu, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.