Malemu Hilary Kachingwe ndi Dimba Lokana Kutopa

Malemu Bambo Hilary Kachingwe anabadwa pa 3 Ogasiti 1909 kwa Mposa, achinayi m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Mwa mwambo mbiriyi akanawerenga ndi abale awo a kumeneko, koma anatiuza dzulo kuti malemu anawaona komaliza pa ukwati wa malemuwo, ndiye sakufuna kunamiza anthu pamaliro. Choncho ntchito yagwera ife akuchikazi kuno ku Rivirivi, amene takhala nawo ndipo tikuwadziwa bwino lomwe.

Sukulu anayamba pa mishoni mu 1919. Anali anzeru, zimenezo palibe angatsutse. Masamu ankakhoza mpaka aphunzitsi kuwapatsa choko kuti aphunzitse anzawo, ndipo akuti kuyambira pomwepo khasu ankaligwira ngati njoka. Mu 1931 anatengedwa ku sukulu ya zaluso ndi zofufuza ili kutsidya kwa mtsinje wa Rivirivi, poyamba ngati wonyamula sikelo ya Bwana, mzungu woyang'anira sukuluyo, kenaka mphunzitsi wothandizira, pomaliza mphunzitsi wofufuza za mbewu ndi nthaka. Kupitirira pamenepo munthu wakuda sakwera, ndipo malemu sanamvekepo akudandaula.

Pa 9 Juni 1934 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Scholastica Zelifa, nabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi muno. Anapeza mayiwa ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, limene analandira kwa amayi awo, ndipo linkayenera kudzapita kwa ana awo aakazi. Dimba limenelo linkadyetsa mbumba yonse mondokwa kawiri pachaka. Tikulitchula msanga chifukwa ndilo mutu wa ntchito ya malemu, ngakhale silinali lawo.

Zimene anachita pantchito n'zambiri. Mu 1935, pamodzi ndi aphunzitsi anzawo, anakonza khasu la ng'ombe lopepuka, labwino zedi, loyenera midzi ya kuchigwa. Litatha ndi pamene kunadziwika kuti kuchigwako ng'ombe zinatha kalekale ndi ntchentche za kashembe. Mu 1937 anatumidwa ku nyanja ya Chiuta kukamangira asodzi ng'anjo yowambira nsomba. Mkulu wa asodziwo, a Chande, anathokoza mwaulemu wonse, nati nkhuku zawo sizinaonepo chisa chofunda chotero. Pa ntchito ziwirizi malemu anayamikiridwa pamaso pa sukulu yonse.

Ntchito yawo yaikulu inayamba mu 1938. Bwana wamkulu wa sukulu ankafuna kudziwa kuti nthaka imatha zaka zingati ikubala thonje popanda manyowa, popanda kuipumitsa, popanda mbewu ina, mpaka itatheratu. Ankasowa munda woyeserapo. Malemu anaimirira nati ali nawo. Kumudzi anafotokoza kuti sukulu yabwereka dimba pang'ono chabe, ndipo libwezedwa ntchito ikangotha. Alamu awo a Blasius Zelifa, omwe ndi eni mbumba, atafunsa kuti ntchitoyo itha liti, anayankhidwa kuti itha nthaka ikafa.

Apa anamalira mutithandize kuganiza, pakuti ndi mwambi umene watizunguza mitu zaka zonsezi. Dimba libwerera kwa mwini wake likasiya kubala. Likamabala, si lake. Akuti khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, koma dimba lobwerekali linakana. Chaka ndi chaka Rivirivi amasefukira tsiku limodzi kapena awiri, nasiya dothi lakuda la kumtunda konse pamalo pomwepo. Munda umene sukulu inalumbira kuti suthiridwa manyowa unkathiridwa ndi mtsinje, kwaulere, aphunzitsi ali kutsidya kudikira kuti madzi aphwe. Thonje linkangochulukira. Bwana ankadabwa, nalembera anzake a kunja za nthaka yodabwitsa ya kuno.

Wina angati malemu sankadziwa. Iyayi, ankadziwa. Nthawi ya dzinja ndi iwo okha a pasukulupo amene ankagona tsidya lino, ndipo matopewo ankawapalasa ku nsapato zawo m'mawa uliwonse. Mayi Scholastica atawafunsa chifukwa chimene sakumuuzira Bwana, anati sanafunsidwe za mtsinje, anafunsidwa za thonje. Ankadziwanso kuti nthaka ikapanda kufa, ntchito sikutha, ndipo ntchito ikapanda kutha, njinga ndi malata a padenga zimene sukulu inawapatsa sizichoka. Tanena kale kuti masamu ankakhoza.

Chaka cha njala, 1949, m'dera lonse lino malo a chinyezi anatsala ndi dimba lomwelo. A Blasius anapita kukagwada kuti mbumba ibzale chimanga ngakhale theka lokha. Malemu anawalandira bwino, anawapatsa mpando, nawauza kuti nzeru sizidyedwa chaka chomwecho. Kunyumba kwawo kunkabwera phoso la ufa lochokera ku sukulu. Ena onse ankakumba mizu. Ana atatu a mbumba ino, mmodzi wa iwo Ida, mwana wa mng'ono wawo wa Mayi Scholastica, agona pafupi ndi pamene adzukulu akumba lero. Thonje la chaka chimenecho linacha bwino, ndipo malemu analandira wotchi ya pamkono. Ndi imene avalayo.

Mu 1953 anakwezedwa kukhala wamkulu wa aphunzitsi achikuda ofufuza, omwe analipo atatu kuwerengera iwo omwe. Kutchalitchi sankajomba, ankaimba bwino, ndipo mowa sankamwa. Mkazi wawo sanamumenyepo. Izi tazinena kuti pasakhale wotinena kuti tabisa zabwino.

Anayamba kudwala mu Novembala 1956, kutupa miyendo ndi kubanika. Anagonekedwa m'chipatala ku Zomba, nabwerera kumudzi Khirisimasi isanafike, osathanso kuyenda. Mayi Scholastica anawasamala usana ndi usiku, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, popanda mawu oipa. Anatisiya Lamlungu pa 24 Febuluwale 1957, atalandira masakramenti.

Dzulo, madzi ataphwa pang'ono, Bambo Willard Laisi, wachiwiri wa malemu pantchito, anawoloka ndi matabwa a bokosi ndi uthenga wa Bwana. Uthengawo ukuti sukulu yamva chisoni chachikulu, ndipo pofuna kulemekeza malemu, dimba lija lizitchedwa Dimba la Kachingwe, ntchito ipitirire m'manja mwa a Laisi. Mbumba yatipempha kuti yankho tiperekere pano, pamaso pa anthu, kuti lisakasochere pa mtsinje.

Mbewu ya thonje imene sukulu inatumiza mu Novembala ili m'thumba lake kuseri kwa chitseko, a Laisi aitenge popita. Mvula yoyamba itagwa, wobzalitsa thonje ali chigonere, Mayi Scholastica ndi abale awo analowa m'dimba ndi makasu nabzala chimanga, maungu ndi khobwe. Sanabise. Mayiwa anawauza amuna awo tsiku lomwe anabwera kuchokera ku Zomba. Malemu anatembenukira kukhoma, kenaka anangofunsa ngati mizere yake ili yowongoka. Iwo eni anafotokoza kuti ntchito yotereyi ikadukiza dzinja limodzi ndi mbewu ina, ndiye kuti yatha, zoyesa zonse za m'mbuyo zagwera m'madzi. A Laisi, amene ndi ophunzira, atikonze ngati talakwa. Sukulu inalonjeza kubweza dimba ntchito ikatha. Ntchito yatha. Dzina la Kachingwe sukulu ilipatse khasu la ng'ombe lija, limene tikumva kuti likadali latsopano.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Scholastica Zelifa, ana aakazi awiri, Anastasia ndi Bernadetta, mwana wamwamuna Yoram amene ali ku sukulu, ndi zidzukulu zinayi. Asiyanso mlongo wawo Mayi Dalesi ndi mng'ono wawo Bambo Elliam a kwa Mposa, amene tikuwathokoza polola kuti m'bale wawo agone kuno.

Tikuthokoza abambo mfumu ndi akhristu onse amene achezera ndi nyimbo. Tikuthokoza anansi athu achisilamu ochokera ku Nsanama amene abwera ndi mpunga. Tikuthokoza adzukulu, amene akumba mosanyinyirika pamalo pamene ambiri a iwo anaikapo abale awo chaka chanjala. Tikuthokoza sukulu chifukwa cha matabwa, ndi aphunzitsi amene akhala pamipando apowa chifukwa chovula nsapato n'kuwoloka. Amayi ophika atiuza kuti alendo athuwa ayamikira kwambiri nkhwani ndi mondokwa zimene analandira dzulo, mpaka kufunsa kumene zachokera. Zachokera m'dimba la Mayi Scholastica.

Bambo Kachingwe, ntchito yanu tainena yonse monga munaigwirira, osaonjeza, osachotsa. Zotsala akaweruze ndi Mulungu, amene chifundo chake chimaposa chathu. Mzimu wanu uuse mumtendere.