Overton Malunga, Amene Ankayendetsa Kavalo ndi Mawu Amodzi

Malemu Bambo Overton Malunga, malume athu, anabadwa pa 9 Malichi 1978 ku Domasi, m'boma la Zomba. Sukulu anayambira komweko ndipo analekezera Fomu 2. Mu 1997 analembedwa ntchito yosamalira akavalo pafamu ina m'phiri la Zomba. Mu 2003 anamanga banja ndi Mayi Elinah.

Mu 2014 anabwera kuno ku Dubai, nayamba ntchito pamalo ena ophunzitsira anthu olumala kukwera akavalo. Kuyenda kwa kavalo kumalimbitsa msana ndi miyendo ya wokwera, koma pamafunika munthu wogwira chingwe kutsogolo kuti nyamayo iziyenda mofatsa. Imeneyi ndiyo inali ntchito yawo. Anawapatsa kavalo wamkazi wamakani amene ena anamulephera. Iwo sanamukwapulepo. Ankangomulankhula Chichewa, mpaka anazolowera kuti akamva "tiye" ayende, akamva "ima" aime. "Yalla", amene ndi "tiye" wa anthu akuno, sankamulabadira n'komwe.

Mwa ophunzira awo munali Namakau, mtsikana wa ku Zambia amene anabadwa wofooka miyendo ndipo amalankhula movutikira. Mayi ake, Mayi Mwenda, ali nafe pano. Akuti mwana wawo anayamba kukhala tsonga popanda womugwira ali pamsana pa kavaloyo.

Mliri wa kolona utavuta mu 2020, maphunziro anaima. Akavalo anapitiriza kugona m'makola oziziritsidwa ndi makina, dokotala wa ziweto akuwayendera. Owasamalira anawaunjika m'chipinda chimodzi ku Dubai Investments Park. Maphunziro atayambiranso, malemu anabwerera mosangalala, chifukwa ankadandaula kuti ana abwerera m'mbuyo.

Mu Januwale 2021 anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi. Anapempha kuti akayezetse. Bwana wawo anati n'chimfine chabe, podziwa kuti akapezeka ndi kolona malowo atsekedwa. Malemu atagona masiku angapo, bwanayo anaimba foni kuti kavalo akukana kuyenda ndi wina aliyense, makolo akudandaula. Malemu anamuuza kuti angonena kuti "tiye", ayenda. Anachita kumutchulira pang'onopang'ono. Bwanayo anaseka, nati kavalo samva zilankhulo za ku Afrika, ulesi khalas, kutanthauza kuti uthere pomwepo, abwere kapena aiwale za viza.

Malemu anapita. Anavala masiki awiri poopa kupatsira ana, natalikitsa chingwe. Anazungulira bwalo lamchenga mpaka mpweya unawathera, nagwa. Anzawo ndi amene anathamangira nawo kuchipatala, kumene anawapeza ndi kolona. Anatisiya pa 6 Febuluwale 2021.

Abale ndi alongo, pamaliro sitiimba mlandu, koma banja lakana kuti tingoti anadwala n'kumwalira. Malowo sanatsekedwe, ndipo makolo anauzidwa kuti Overton ali patchuthi. Malemu ali chigonere m'chipatala, Namakau anakwezedwa pakavalo yemwe uja. Antchito anakoka chingwe, kavalo osasuntha. Mtsikanayo anawerama nanena yekha kuti "tiye", ndipo kavalo anayenda, bwana akuonerera. Mawu amodzi omwewo akanayesedwa tsiku lija, malume athu akanakhala pabedi akuchira.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Elinah, ana awiri, Davies ndi Matildah, ndi mayi awo owabereka, onse akumvetsera pa foni ku Domasi, poti mliriwu sunalole kuti thupi lipite kwawo. Tikuthokoza a mpingo, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia amene atigwira mkono, anamwino amene anawasamalira, ndi Mayi Mwenda amene anatiuza zoona. Akuntchito sitiwathokoza, ndipo nkhata yawo tawabwezera.

Malume, palibenso wokudzutsani. Usani mumtendere.