Kagalimoto Kobiriwira ka a Rogers

Mwaswera bwanji Amalawi a ku Birmingham, Walsall, Longbridge ndi konse kumene mukutimvera, kaya muli pa shifiti, kaya mukudikira basi pamvula. Ino ndi Wailesi ya Pakhonde, tikuulutsa mawu pano pa Nechells, pamwamba pa ogulitsa matayala, ndipo wokuwerengerani zilengezo ndine Tupochile. Makina athu anali atafa, ndiye zilengezo zinaunjikana. Ndiziwerenga mmene zinafikira, chakale poyamba, ndipo amene mukudziwa kale nkhaniyi musandiimbire foni kundiuza mathero.

Choyamba n'cha zosowa. Bambo Jairos Kamtukule a ku Walsall, kwawo m'mudzi mwa Chimphepo, Mfumu Yaikulu Ganya, m'boma la Ntcheu, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti magalimoto awo asowa. Musathamangire kupolisi. Ndi timagalimoto takalekale tokwana pachikhatho, tija timayendera magetsi pa kamsewu kokhala ndi kangalande pakati. Tinali mu shedi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo tinasowa Loweruka pa phwando la ubatizo wa mwana wawo Fiona, iwo atathamangira ku shifiti ya masana.

Akuti tina tonseto angapirire, koma kamene kawaumitsa pakamwa ndi kobiriwira. Kameneko n'kamalata, osati pulasitiki, ndiye ukakanyamula kamalemerera. Matayala ake ndi ouma ngati mandasi ogona. Pamphuno pali nambala yofufutika, kunsi kuli kalilime kolowa m'ngalande, ndipo mkati mwakhala dalaivala wa labala wovala chipewa. Sikaluma, komanso sikangachoke pakhomo pakokha.

A Kamtukule akuti timagalimototi si tawo. Mwini wake ndi a Rogers, gogo wachizungu amene iwo amamusamalira ku nyumba ya okalamba ku Walsall komweko. A Rogers anagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Longbridge mpaka inatsekedwa, ndipo timagalimototi akhala akutolera moyo wawo wonse. Polowa m'nyumba ya okalamba anauzidwa kuti chipinda n'chaching'ono, ndiye anasungitsa zonse kwa a Kamtukule, poti m'bale alibe. Panopa maso anasiya kuona, madokotala akuti masiku atsala ochepa, ndipo m'mawa uliwonse akumafunsa kuti, "Jairos, kanga kobiriwira kaja wabweretsa?" A Kamtukule akhala akuyankha kuti mawa, koma akuopa kuti mawa lina akapeza bedi loyala bwino, munthu palibe. Amene wakaona chonde asazengereze. Chilengezochi chachokera kwa Jairos Kamtukule, Walsall.

Chachiwiri chachokera pa adiresi yomweyo. Mayi Vailet Kamtukule, namwino, kwawo kwa Mfumu Yaikulu Mabuka ku Mulanje, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti pakhomo pawo palibe chimene chasowa. Timagalimototo anagawa ndi iwo, masanasana, anthu akuona. Akuti kwawo mwana wa mlendo sabwerera chimanjamanja, ndipo ana amene anabwera ku phwandolo anachuluka kuposa masiwiti. Akutinso iwo analeredwa, sakanapatsa alendo zinthu zafumbi, ndiye anayamba atitsuka kaye ndi sopo ndi sitiliwulo mpaka manambala onse anachoka, ndipo timakatoni take tong'ambikang'ambika anataya mu bini.

Apempha kuti mawu otsatirawa ndiwerenge mmene alili. "Ine ndikanalota kuti ndi ta wodwala? Bambo a Fiona ankangodzitsekera mu shedi. Ndikasuzumira, n'kuwapeza agwada pansi, munthu wa ndevu zake, akulira vuuu ndi pakamwa. Ndikafunsa, ati mayi a Fiona simungamvetse. Ine ndinaona ngati ndikuwachotsa manyazi."

Pomwepo Mayi Kamtukule akulengezanso kuti amuna awo asowa kuyambira Lamulungu. Ndi aatali, oderapo, avala jekete ya buluu. Akuonekera ndithu pawindo la kukhitchini, ali mu shedi, koma ukawaitana sakuyankha. Amene angawaone awauze kuti chakudya akumawaikira pakhomo la shedilo, ndipo nkhandwe za ku Walsall zayamba kunenepa. Chilengezochi chachokera kwa Vailet Kamtukule.

Ine pamenepa sindilowererapo, omvera, poti onse awiri ndimapemphera nawo. Tipitirize.

Chachitatu n'cha msonkhano. Bambo Nedson Chikaonda, nkhoswe ya banja la a Kamtukule, kwawo kwa Kachindamoto ku Dedza, akuitana onse amene anadya nawo phwando la ubatizo lija kuti akumane Lachitatu ku holo ya tchalitchi ku Nechells, ikangotha shifiti ya m'mawa. Aliyense amene mwana wake analandira kagalimoto abwere nako. Ana akakana m'Chingerezi kuti mphatso sabweza, makolo mulande m'Chichewa. Abambo ena amene zamveka kuti munalanda kale ana anu n'kumakankha nokha pa kapeti, maina anu sititchula, ingobwerani. Abale athu a ku Zambia, munadya nawo, ndiye nkhaniyi ndi yanunso. A Chikaonda akuti za banjali akamba okha pambuyo pake, chofunika panopa ndi kobiriwira. Tiyeni timuthandize mnzathu asakaime chimanjamanja pamaso pa wodwala. Chilengezochi chachokera kwa Nedson Chikaonda, m'malo mwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Chachinayi, abweranso Bambo Jairos Kamtukule. Akuthokoza onse amene anafika ku msonkhano atauzana pafoni, ndipo akupempha modzichepetsa kuti anthu asiye kupenta.

Nkhani yake ili apa. Banja lililonse litamva kuti chofunika ndi kobiriwira, linaona kuti n'kupanda chisoni kukamubwezera kofiira kapena kachikasu munthu amene ali pamavuto. Ndiye aliyense anapenta kake, mwakachetechete, osauza mnzake. Ena anapaka penti ya mpanda, ena kyutekisi. Mayi wina wa kwaya anapenta ndi matayala omwe. Kobiriwira kenikeniko nako sikanapulumuke: sitiliwulo uja anali atakayeretsa mbee, ndiye amene anali nako anakapentanso ngati anzake. A Kamtukule akuti a Rogers anawaphunzitsa kuzindikira kagalimoto ndi mtundu wake, nambala yake ndi katoni yake, ndipo zonsezo zapita. Ayesa kupatula tamalata tokhatokha, koma nato tadzaza beseni, tonse tobiriwira, tonse tili ndi dalaivala wa chipewa, tina penti isanaume.

Akuthokozanso Bambo Abdul Yusufu, amene alibe mwana koma mtima ali nawo. Iwowa sanafune kubwera chabe, ndiye anakoka galimoto yeniyeni yobiriwira, yakufa, n'kukaisiya pageti pa a Kamtukule. Akuti zikomo kwambiri, koma mukaitenge, anthu akulowa m'nyumba modzera pa aneba.

Pomaliza a Kamtukule alemba chonchi. "Ndakhala ndikuliyang'ana beseni ili, ndipo ka a Rogers sindikukadziwa. Ena akuti ndingotola kalikonse poti gogoyo saona. Munthu anandisungitsa zonse zimene anali nazo, ndiye ine ndikamunamize ali pamphasa ya imfa? Ndasinthanitsa shifiti ndi mnzanga chifukwa nkhope yokaonekera nayo ndilibe." Chilengezochi chachokera kwa Jairos Kamtukule, mu shedi, Walsall.

Chotsiriza chafika m'mawa uno. Amene mukuseka bayambani mwaleka.

A Kamtukule ndi akazi awo akudziwitsa abale ndi abwenzi onse a ku Birmingham, Walsall, Ntcheu ndi Mulanje za imfa ya a Rogers, amene atisiya Lachisanu m'mawa ku nyumba ya okalamba ku Walsall.

Akuti Lachinayi Mayi Kamtukule ataona kuti amuna awo angokhala duu kuyang'anizana ndi beseni, anamanga chitenje, n'kulowa mu shedi osagogoda, n'kusenza besenilo pamutu, ulendo wokakwera basi. Amuna awo ankatsatira pambuyo. Atafika, mayiwo anagwada pambali pa bedi nati, "Bambo, wolakwa ndine. Ndinatsuka, ndinagawa, anzanga anapenta. Kanu kali m'beseni momwemu koma sitikukadziwa."

A Rogers ananunkhiza pentiyo, n'kufunsa ngati anthu onsewo anapentera iwo. Atauzidwa kuti inde, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Kenako anati beseni liikidwe pamiyendo pawo. Anayamba kutola kamodzikamodzi. Sankagwira matayala, sankatembenuza kunsi, ankangosisita mutu wa dalaivala ndi chala chachikulu n'kuika pambali. A Kamtukule anaima kumiyendo kwa bedi, akuona beseni likupita kokutha. Tatsala tochepa, chala chija chinaima. Pachipewa cha dalaivalayo panali timaenje ta mano.

"Uyu ndi Steve," anatero a Rogers.

Steve anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Analuma mutuwo akumera mano, ndipo anamwalira asanayambe sukulu. Sitiliwulo sanafufute manowo, ndipo penti sinawakwirire. A Kamtukule akuti zaka zonsezi ankawaona ndithu, koma ankayesa kuti anachita ndi makoswe. A Rogers anagona kagalimotoko kali m'manja, ndipo m'mawa mwake anawapeza akadali nako.

Akuluakulu a ku nyumba ya okalamba amati maliro aika okha popeza wachibale palibe. Mayi Kamtukule akuti zimenezo ayi, munthu saikidwa ngati katundu. Maliro tikukhuza kunyumba kwa a Kamtukule kuyambira lero mpaka tsiku loika, limene tidzakuuzani. Amayi akhala m'nyumba, abambo mu shedi, ndipo shedilo latsegulidwa. Akwaya mubwere ndi yunifolomu. Bambo Abdul Yusufu, galimoto ija isiyeni kaye pomwepo, mipando ndi yochepa.

Kobiriwira kapita nawo m'bokosi. Tina tonse a Rogers anati tibwerere kwa ana amene analandira, poti anawo ananena zoona, mphatso sabweza.

Chilengezochi chachokera kwa Jairos Kamtukule, mwana wa malemu, ndi Vailet Kamtukule, mpongozi wawo.