Chigamba cha pa Thumba la Nyemba

Abale ndi alongo, ine sindidziwa kulankhula mozungulira. Ndinali wakuba wovala tayi.

Nthawi ya nkhondo ndinali mlembi ku administrasau, ofesi ya boma ya Tsangano, kuno ku Mozambiki. Sukulu ndinapita nayo patali, ndipo ndinkayenda ngati mutu woganiza ndi wanga wokha. Wonditsutsa ndinkamulalatira. Ena ndinawamenya.

Pamisonkhano ya akuluakulu ndinkakhala pakona, makutu ali tcheru. Boma likati likweze mtengo wa nyemba, ine ndinkamva alimi asanamve. Ndinkagula mwakachetechete pamtengo wakale, n'kudikira chilengezo.

Kwathu kuno zimenezo zinali kandonga, malonda oletsedwa, ndipo wogwidwa ankakwapulidwa shamboko anthu akuona. Koma mukudziwa kuti malire athu ndi msewu chabe. Ndinkawoloka n'kukagulira tsidya la Malawi, kumene anthu athu othawa nkhondo ankagulitsa zawo. Apolisi akumeneko analibe nazo ntchito zomwe munthu wamva mu ofesi ya dziko lina. Ndikamwa kachasu ndinkadzitama ngakhale pakhomo panga kuti malamulo a mayiko awiriwa ndimawadziwa: kuno ndi mlandu, uko ndi nzeru, chachikulu n'kudziwa mbali yoimirira.

Tsiku lina anafika alamu anga, amuna a mlongo wanga Rozalina. Anachokera ku Chidzolomondo wapansi, akudzera m'thengo, thumba la nyemba lili pamutu. Mwana wawo ankadwala ndipo ankafuna mankhwala.

"Alamu, inu muli m'boma," anatero. "Ndigulitse lero kapena ndidikire?"

Ndinkadziwa kuti mtengo ukwera mlungu womwewo. Ndinawakalipira kuti ine si woombeza, nkhondo sidikira munthu. Kenako ndinatuma mnzanga kuti akandigulire nyembazo tsidya la msewu.

Zomwe analandira sizinakwane mankhwala. Anabwerera kumudzi kukafukula thumba lambewu lomwe anabisa. Sanafike. Anaponda bomba lokwirira panjira.

Palibe bwalo lomwe linandiitana. Mozambiki sanaone, Malawi sanafunse.

Rozalina anabwera kudzakhala kwanga ndi mwanayo, poti mwini mbumba ndine. Ankandithokoza tsiku lililonse, ndipo kuthokozako kunkandithamangitsira kumowa.

Mmawa wina analowa m'chipinda chomwe ndinkasungira katundu kuti atapeko nyemba zophika. Anatuluka akukoka thumba lonse. Anandilozera chigamba chofiira cha pakona pake.

"Achimwene, ichi ndinasoka ndine. Ndinang'amba chitenje changa."

Ndinakuwa. Ndinakweza dzanja kuti ndimumenye. Iye sanasunthe.

"Menyani," anatero. "Koma mundiuze, lero mwaima mbali iti ya msewu?"

Dzanja linatsika lokha. Ndinakhala pansi padothi, tayi ali m'khosi. Ndinafufuza lamulo loti ndibisalemo, koma panalibenso tsidya lothawira. Pamenepo ndinadziwa kuti Mulungu alibe malire, ndipo Iye analipo pamene alamu anga ankandifunsa.

Lamulungu lotsatira ndinaulula zonse pamaso pa mpingo. Yesu anandilandira tsiku lomwelo. Rozalina zinamutengera zaka kuti andikhululukire, ndipo sindimudandaula. Mowa ndinasiya, mkwiyo ndikulimbana nawobe. Mwana uja anachira, ndinamulera, koma bambo ake sindingamubwezere.

Thumbalo lilipobe kwanga. Sindiikamo kanthu.

Alemekezeke Ambuye amene anandipeza komwe mayiko awiri anandiphonya. Inunso, ngati pali chomwe mwadya chifukwa munamva anzanu asanamve, musadzitonthoze kuti lamulo silikugwirani. Nyamukani, bwerani kutsogolo kuno. Malo alipo pambali panga.