Mapiritsi a Amayi M'makina Oyamwa Fumbi

Ine, amene anthu amangonditchula kuti Atelala, mayi wa zaka 46, wokhala kuseri kwa msika waukulu, m'nyumba yoyang'anana ndi mlatho, ntchito yanga kusoka ndi kukonza zovala, ndikunena izi mwa kufuna kwanga, popanda wondikakamiza.

Wodandaula pa mlanduwu ndi alamu anga. Woimbidwa mlandu ndi amuna awo, achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu. Ine ndine wowaponda pamutu. Ntchito yawo ndi kuyendetsa galimoto yonyamula katundu.

Amayi athu ali ndi zaka 74. Akhala akusungidwa kwa achimwene kuyambira pamene bambo athu anamwalira. Amadwala matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala anawalembera mapiritsi amitundu iwiri, loyera m'mawa, lofiirira madzulo. Wowamwetsa anali alamu anga, chifukwa achimwene nthawi zambiri amakhala pamsewu.

Sabata yatha amayi anagwa kubafa, mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka. Tinawatengera kuchipatala komwe anawagoneka. Adokotala atawayeza anatiuza, tonse atatu tili pomwepo, kuti zikuoneka kuti amayi akhala nthawi yaitali osamwa mankhwala. Achimwene anatembenukira kwa alamu nkunena kuti, “Nanga mapiritsi onse aja amapita kuti?” Alamu anayankha kuti, “Ndimawapatsa ndi dzanja langali, ndi madzi omwe.” Tsiku lomwelo achimwene anawathamangitsa pakhomo, alamu anapita kukakhala kwa achemwali awo ndi zovala za m'thupi zokha.

Lolemba m'mawa ndinapita kunyumba kwa achimwene kukakonza chipinda cha amayi, chifukwa anamwino anati mwina atulutsidwa posachedwa. Kiyi anandipatsa ndi achimwene omwewo. Iwo anati apita ndi galimoto kugaraja ndipo abwera madzulo. M'nyumbamo ndinali ndekha.

Chipinda cha amayi chili ndi kapeti kuyambira pakhomo mpaka kukhoma. Bedi lawo ndi lathabwa, lolemera, ndipo mbali imodzi linagunda kukhoma. Ndinachotsa zofunda nkuziviika. Kenako ndinatenga makina oyamwa fumbi mu kabati ya m'khonde. Ndi ofiira, a mateyala awiri, okhala ndi paipi yofewa yolumikizika ku paipi yachitsulo. Amayi amawatcha kuti njovu, ndipo akayatsidwa ankati, “Yadzuka njovu, bisani mapazi.”

Ndinayamba pakati pa chipinda, makina akugwira bwino. Nditafika pa bedi ndinachotsa chakumutu chokhala ndi burashi, nkulowetsa paipi yachitsulo yokha pa kampata ka pakati pa bedi ndi khoma, chakumutu kumene amayi amagoneka pilo. Sindinkaona zimene zili pansi. Ndinamva zinthu zikulowa m'paipi zikuchita phokoso ngati timiyala. Zinalowa zambiri. Kenako kulira kwa makina kunasintha, kunakhala kwa pamwamba, ndipo anasiya kukoka. Ndinamva fungo ngati la labala wopserera. Ndinazimitsa nkuzula pulagi kukhoma.

Ndinakokera makinawo pabalaza, pamene pali kuwala, nkuyala manyuzipepala pansi. M'chikwama mwanga simusowa sikuludiraiva yaing'ono ndi lumo, chifukwa makina anga osokera ndimatsegula ndekha. Ndinayamba ndi chivundikiro cha pamwamba. Thumba la fumbi linali lodzaza ndi lothina ngati mimba ya mwana wokhuta, ndipo pochotsa linang'ambika pakona. Kuseri kwake kunali sefa ya siponji yomwe inali itada bii. Ndinakaikuntha pa sitepe ya kukhitchini, kuitsuka, nkuiyanika pawindo. Mota inali yotentha, koma sindinaone popserera.

Thumba lina sindinalipeze. Ndinayang'ana mu kabati ya m'khonde ndi m'madirowa a kukhitchini, osalipeza. Ndinaimbira foni alamu kuwafunsa. Anati matumba ali pamwamba pa wodiropu ya kuchipinda kwawo. Kenako anafunsa kuti, “Bambo aliko?” Ndinati kulibe, abwera madzulo. Iwo anati, “Ndiye ndibwere ndidzatengeko zovala, alamu, diresi ili ndalichapa mpaka latopa nane.” Ndinati bwerani. Amene anawauza kuti abwere ndine.

Ndikudikira ndinapitiriza ntchito. Ndinatembenuza chakumutu chija nkumasula masikuluwu ake, ndikuwaika mu sosa kuti asasowe. Burashi linali litakulungidwa ndi ulusi ndi tsitsi laimvi moti silinkazungulira bwino. Ndinadula ndi lumo nkusolola. Lamba wake anali wotha koma wosaduka. Zitatero ndinachotsa paipi yofewa, nkuiimika, nkuponyamo batani. Batanilo silinatulukire kunsi. Ndinawongola waya wa hang'ala nkuyamba kutokosa pang'onopang'ono. Pa kona pamene paipi imalowera m'makina panali chotseka cholimba. Nditakankha kangapo chinagwera pa nyuzipepala chibuma cha fumbi ndi thonje la bulangete, chachikulu ngati dzira.

Ndinachiphwanya ndi zala. M'kati mwake munali mapiritsi, oyera ndi ofiirira. Ndinagwedeza paipi, anagwanso ena. Ndinakhuthula thumba long'ambika lija, pamwamba pa fumbi panalinso ena. Sindinawawerenge, koma anadzaza sosa ina mpaka m'mphepete. Panalibe ngakhale limodzi losalala ngati lochoka kumene m'paketi. Onse anali osungunuka mbali imodzi, okhakhala, zilembo zake zitafufutika, ena atamatirirana awiriawiri.

Ndinabwerera kuchipinda nkukoka bedi ndi mphamvu mpaka linasuntha pang'ono. Pansi, m'mphepete mwa kapeti, munali mapiritsi ena otsala. Pakhoma, kuyambira pamene pamalekeza matiresi kutsika pansi, panali mizere yoyera ndi yofiirira youma, ndipo mapiritsi ena anali atamatirira pa penti. Amayi amagona chammbali, nkhope kukhoma. Ndinajambula khomalo ndi foni yanga. Sindinapukute kalikonse.

Alamu anafika dzuwa lisanafike pamutu. Anavula nsapato pakhomo nkulowa. Ndinawaonetsa sosa, kenako khoma. Anagwira pakamwa. Kenako anati, “Ndiye amayi amandiuza kuti tseka chitseko, kukuzizira. Ine ndimatseka nkumapita.” Anakhala pansi pa kapeti. Ndinawatengera madzi akumwa. Atamwa anadzuka nkupita kuchipinda kwawo kukalongedza, nandibweretsera thumba latsopano la makina.

Ndinali nditagwada pabalaza ndikumanga masikuluwu pamene geti linalira. Anali achimwene. Pambuyo pake ndinamva kuti kugaraja anawabweza chifukwa chitsulo chimene ankafuna chinali chisanafike. Anaima pakhomo akuyang'ana nsapato zija. Anati, “Nsapato izi ndi za ndani?” Ndinati ndi za alamu, abwera kudzatenga zovala, koma khalani kaye pansi, achimwene, pali chimene ndapeza. Ndinawapatsa sosa ya mapiritsi m'manja.

Anaiyang'ana nkufunsa kumene ndawapeza. Ndinati m'makinamu. Sanandilole kumaliza. Anakuwa kuti, “Ndinanena ine! Amawataya, kenako nkumawayamwitsa makina kuti ndisaone!” Ndinati ayi, amene ndawayamwa ndine, lero lomwe, kuseri kwa bedi. Ndinati taonani mmene asungunukira, awa analowa m'kamwa. Ndinawagwira mkono nkunena kuti, “Tiyeni mukaone khoma.” Anandikankha ndi chigongono nkunena kuti, “Iwe, za m'nyumba mwanga zisiye. Kasoke zigamba zako.” Sosa inagwa, mapiritsi anabalalika pansi. Kuchipinda kwa amayi sanapiteko.

Nthawi imeneyo alamu anatulukira m'khonde atanyamula chikwama cha zovala kudzanja lamanzere. Anati, “Bambo, tamverani alamu anu aang'onowa,” kenako anadzikonza nkunena kuti, “tamverani achemwali anu.” Sananene china. Sanatukwane, sanakweze dzanja, ndipo m'manja mwawo munalibe china kupatula chikwamacho.

Paipi yachitsulo inali pa nyuzipepala pafupi ndi phazi la achimwene. Ndi yaitali ngati kuchokera pansi kufika m'chiuno mwanga. Anawerama nkuitola ndi dzanja lamanja. Ine ndinali nditagwadanso kutola mapiritsi, tebulo laling'ono lili pakati pa ine ndi iwo. Ndinaona akuikweza nkumenya. Alamu anatchinga kumutu ndi mkono wamanja, paipi inatera pakati pa chigongono ndi dzanja. Ndinamva kulira kwa chinthu chothyoka. Chikwama chinagwa. Anamenyanso kachiwiri, paipi inatera pamwamba pa khutu lakumanzere, alamu anagwera pa mpando nkutsetserekera pansi. Magazi anayenderera pakhosi mpaka pa diresi.

Pamene ankakweza kachitatu ndinali nditadzuka. Ndinagwira paipi ndi manja onse awiri. Tinalimbirana. Ndinati, “Yambani ndi ine, achimwene.” Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi, nkuisiya. Zimene ananena potuluka sindinazimve bwino. Anatuluka osatseka chitseko, ndipo ndinamva geti likumenyetsedwa.

Ndinamanga alamu kumutu ndi pilokesi yoyera. Ankalankhula, koma mkono unali utapindika pamalo posapindika. Ndinathamangira kwa aneba a kumanja, bambo opuma pantchito amene ali ndi galimoto yaing'ono. Iwo anati anamva kukuwa koma sanaone kumenyako. Anatinyamula kupita kuchipatala chomwe amayi agonekedwa. Kumeneko alamu anawajambula nkupeza kuti fupa lathyoka. Anawaika chikhakha, ndipo pamutu anawasoka. Anamwino ndi amene anatiuza kuti tikatenge kalata kupolisi. Alamu poyamba anakana. Achemwali awo atafika analola.

Masana omwewo ndinabwerera kunyumba kuja ndi aneba aja. Achimwene kunalibe. Ndinatola mapiritsi amene ndinatha kutola nkuwamanga mu kansalu. Paipi ndinaikulunga m'nyuzipepala osaipukuta. Ili ndi pobonyoka chakumapeto, pomwe m'mawa panalibe. Makina ndinawasiya pabalaza ali chiphwasulire. Bedi lili pomwe ndinalikokera.

Nthawi yoona odwala itakwana ndinalowa mu wodi ya amayi. Ndinakhala pambali pa bedi nkumasula kansalu kaja pamaso pawo. Ndinati, “Amayi, awa ndawapeza kuseri kwa bedi lanu.” Anayang'ana, kenako anatseka maso. Kulankhula kwawo tsopano ndi kovuta, koma ndinamva bwino. Anati, “Amandizunguza mutu.” Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Anati, “Mukanandikakamiza.” Ndinafunsa ngati alamu ankadziwa. Anapukusa mutu nkunena kuti, “Ndimadikira atuluke.” Namwino wina amene ankasintha botolo la madzi pa bedi loyandikana analipo, ndipo anamva. Ndingathe kumuloza.

Za kumenyedwa kwa alamu sindinawauze amayi. Mpaka lero sakudziwa.

Lachiwiri m'mawa achimwene anandiimbira foni. Ndinawauza zimene amayi ananena. Achimwene anati, “Ukapita kupolisi ukanene kuti anapunthwa pa zida za makina zija nkugwera pa paipi. Zinali mbwee pansi, si bodza.” Ndinati zinalidi mbwee, koma sanapunthwe. Anati, “Ndinakubereka kumsana ine, wayiwala? Magazi ndi magazi.” Ndinati amenewo ndawaona, ali pa mpando wanu. Anadula foni. Madzulo ake anandiimbiranso amalume athu kundiuza kuti nkhani ya m'banja imathera m'banja, ndipo ndikapita kupolisi ndisadzapondenso pakhomo pawo.

Lero ndisanabwere kuno ndinadzera kuchipatala ndi chakudya cha amayi. Ndinawakhazika tsonga nkuwayandikizira supuni. Anatseka pakamwa nkutembenuzira nkhope kumbali. Anamwino anati dzulo lonse anachitanso chimodzimodzi. Ndinawanyengerera, osatheka. Anati, “Iwe umafulumira. Aitane apongozi anga, ndi amene amadziwa kundidyetsa.” Ndinati apongozi anu sangathe kubwera lero. Anafunsa kuti, “Akwiya nane?” Ndinati ayi. Anati, “Ndiye ndidikira.”

Nditatuluka ndinaimbira alamu kuwauza. Anafunsa nthawi imene amatsegula geti la odwala madzulo. Ndinawakumbutsa kuti mkono wamanja uli m'chikhakha. Anati, “Wamanzere ulipo. Koma mundibwereke bulauzi ya manja aatali ndi duku, asaone.”

Paipi yachitsulo, kansalu ka mapiritsi ndi zithunzi za khoma ndazipereka kwa wapolisi amene akulemba umboni uwu. Andiwerengera zonse, ndipo ndi mmene ndanenera. Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, zina ndilibe.

Saini ya mboni: ____________________

Saini ya wolemba umboni: ____________________